Mafunso ndi Mayankho: Kujambula zochokera m'maganizo obisika

Funso: Akonzi, ine ndimajambula nkhope za anthu ndi nyama. Ndamva kuti ena amangolisiya dzanja liziyenda lokha, n'kutuluka chithunzi chosafanana ndi chinthu chilichonse. Kodi n'zoona? Nanga ndingayambe bwanji?
*Wojambula wa ku Zomba*

Yankho: N'zoona ndithu. Akatswiri a za maganizo a munthu, Sigmund Freud ndi Carl Jung, ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi maganizo ena okwiririka amene iye mwini sawadziwa, koma amatulukira m'maloto. Mu 1924 ku Paris, mlembi André Breton anayambitsa gulu la Surrealism lomwe linkafuna kuti maganizo amenewa aonekere m'zolemba ndi m'zojambula. Mnzake André Masson ankathamangitsa cholembera papepala osalingalira, n'kumaona pambuyo pake chimene chatuluka.

Tengani mapepala aakulu asanu ndi khala. Imirirani, gwirani khalalo chakumapeto, ndipo muziyendetsa mkono wonse kuchokera paphewa, osati zala zokha. Pepala lililonse mulipatse mphindi ziwiri, osafufuta. Oyambirirawo adzadzaza maso, mitengo ndi nyama zanu zija, chifukwa dzanja limathamangira zimene linazolowera. Mukaona choncho, tsinzinani, gwirani khala ndi dzanja linalo, kapena tembenuzani pepala chadodolido. Njira ina ndi imene wojambula Max Ernst anayamba mu 1925: yalani pepala pathabwa lokhakhala, pachiguduli kapena pamphasa, mulikhule ndi pensulo yofewa.

Koma apo ntchito yangofika pakati, ndipo ambiri amalekera pomwepa. Mapepalawo agone. M'mawa mwake apachikeni pakhoma, mubwerere mmbuyo mamita atatu, musankhe limodzi lokha limene likukukokani maso. Mizere yamphamvu muikuze, yosokoneza muiphimbe ndi penti yoyera. Chochokera mkati chimangokupatsani poyambira. Chithunzi chimapsa ndi diso losankha.

Funso: Ndinayesa kudontheza penti ngati Jackson Pollock, koma mitundu yonse inasanduka matope. Patatha mwezi penti inayamba kukanganuka. Ndinalakwitsa pati?
*Mphunzitsi wa ku Chipata*

Yankho: Aphunzitsi, Pollock, wojambula wa ku America, sankangomwaza penti mwachisawawa. Kuyambira mu 1947 ankayala nsalu pansi, n'kumaizungulira mbali zonse akudontheza penti yopakira nyumba ndi timitengo, ndipo ankadziwa bwino pamene dontho ligwere.

Matopewo abwera chifukwa mitundu inakumana ili yaiwisi. Yofiira, yachikasu ndi yabuluu zikasakanikirana zimabereka mtundu wa dothi. Sankhani mitundu iwiri kapena itatu, kuwonjezera yakuda ndi yoyera, ndipo uliwonse uume musanathire wina. Penti yamadzi ya acrylic ikakhala yopyapyala imauma m'theka la ola, pamene yaunjikana imafuna usiku wonse, pomwe penti yamafuta muipatse tsiku lathunthu kapena kupitirira apo. Poisungunula, ikhale ngati phala lamadzimadzi: mukakweza kamtengo izitsika ngati ulusi wosaduka. Madzi asapitirire gawo limodzi pa magawo atatu a penti, apo ayi guluu wake amafooka.

Kukanganukako kawirikawiri kumabwera mukathira penti yamadzi pamwamba pa yamafuta, pakuti siigwira. Yamadzi ikhale pansi, yamafuta pamwamba. Nsalu muyambe mwaipaka penti yamadzi ya PVA yoyera kawiri, chifukwa mafuta amaoletsa nsalu yosapaka. Isadzutsidwe isanaume, ndipo mukamagwiritsa ntchito penti yamafuta mazenera akhale otsegula.

Funso: Anzanga akuti mowa kapena chamba zimatsegula maganizo obisikawa. Kodi ndi choncho?
*Wophunzira wa ku Mzuzu*

Yankho: Ayi, mwanawe, usawamvere. Zimenezo zimapha diso losankha lija, ndipo dzanja limalemera. Pollock yemweyo anajambula zithunzi zake zotchuka kwambiri pakati pa 1948 ndi 1950, nthawi imene anasiya mowa. Atabwererako ntchito inayamba kuchepa, ndipo mu 1956 anafa pa ngozi akuyendetsa galimoto ataledzera, ali ndi zaka 44.