Yankho kwa amalume pa za kapulojekita kolowa m'thumba

Amalume, mwaswera bwanji uko? Pepani ndachedwa kuyankha, dzulo ndinaweruka usiku kwambiri. Funso lanu ndalimva, loti mwaona kapulojekita kakang'ono pa Facebook, kongolowa m'thumba la jekete, akuti kamawala 9,000 lumens (umenewu ndi muyezo wa kuwala), ndiye mukufuna kudziwa ngati kangathandize kuonetsera achinyamata mpira ndi makanema akutchalitchi kumudziko. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kunditaitsa nthawi.

Timakina timeneti tilipodi, si zabodza, ndipo tasintha kwambiri zaka zapitazi. Kalekale, mu 2012, Samsung inatulutsa foni ya Galaxy Beam yokhala ndi pulojekita mkati mwake, koma inkangowala 15 lumens basi, mpaka uzimitse nyali zonse ndi kutseka makatani kuti uone nkhope ya munthu. Ta masiku anoti tilibe babu lotentha lija la mapulojekita a kusukulu, timagwiritsa ntchito LED, tina laser, ndipo kuwalako kumakhala maola 20,000 kapena kuposa apo kusanafooke. Tambiri tabwinoto mkati mwake muli kachipu ka DLP ka kampani ya Texas Instruments, kamene kali ndi timagalasi tosaoneka ndi maso, timene timapendekeka uku ndi uku kuti chithunzi chituluke. Komanso mukangokaika patebulo kamadzikonzera kokha chithunzi, chisachite chimbuuzi kapena kupendama. Tina tili ndi Google TV mkati, YouTube mumatsegula pomwepo popanda kompyuta.

Koma apa pa 9,000 lumens, amalume, mundimvetse bwino. Nambala imeneyo ndi ya otsatsa malonda. Muyezo wodalirika pabokosi amalemba kuti ANSI lumens, kapena ISO lumens. Ngati mawu amenewo palibe, nambalayo ingoiwalani. Ku America kampani ya Epson yasumirapo ogulitsa angapo chifukwa cha nkhani yomweyi, yonamiza anthu kuwala. Ndikupatseni chitsanzo: Nebula Capsule ya Anker, ija ili ngati chitini cha zakumwa, yoyambayo inali 100 ANSI lumens. Capsule 3 Laser ya 2023, yodula ndithu, ndi 300. Pulojekita yayikulu ya mu ofesi imakhala cha m'ma 3,000. Ndiye kotchipa kokwana m'chikhatho kangafike bwanji 9,000? Sizingatheke.

Mnzanga wina kuno ku Johannesburg, yemwe timakhala naye pa yadi imodzi, anagula kotero pa intaneti. Tinakayatsa cha m'ma 5 koloko madzulo, tinapachika nsalu yoyera ya pabedi pa waya woyanikira zovala, ana a pa yadi onse atakhala pansi. Iii, panangooneka ngati utsi. Osewera sumawazindikira, mpira weniweniwo osauona n'komwe. Tinadikira mpaka kunja kutada bii, ndiye kanayamba kuoneka, komabe tinachita kukasendeza pafupi kuti chithunzi chichepe. Chifukwa chithunzi mukamachikulitsa, kuwala komwe kuja kumamwazikana, kumazilala. Pabokosi analembanso kuti 1080p, nambala yosonyeza kuti chithunzi chimaoneka bwino kwambiri, koma zilembo za zigoli zija pakona osawerengeka. Kuja amatanthauza kuti kamalandira kanema wa 1080p, osati kamaonetsa choncho. Mufunse mawu oti native resolution, kutanthauza nambala yeniyeni ya chithunzi chimene kamaonetsa, pasachepere 720p.

Ndiye masana, kapena m'tchalitchi mwathu muja mawindo ake aakuluakulu, musavutike nako. Usiku, pakhoma lopaka laimu kapena pansalu yokoka bwino, anthu 20 kapena 30 atakhala moyandikana, kabwino ka 200 kapena 300 ANSI kamagwira ntchito ndithu. Kumudzi mdima ndi weniweni, kulibe magetsi a mumsewu ngati kuno, ndiye inuyo kakukomerani kuposa ife.

Za batire. Ya Capsule 3 Laser amati imakhala maola awiri ndi theka, ndipo kawirikawiri timakinati tikamayendera batire timachepetsa kuwala kuti moto usathe msanga. Mpira ndi mphindi 90, kuphatikiza kupuma ndi zowonjezera zija, maola awiri akwana kale. Ikakhala fainolo n'kupita ku mapenate, kakuthimirani anthu ali chiimire, mudzachita kuthawa! Ubwino wake tatsopanoti timatchajidwa ndi USB-C, ndiye power bank yamphamvu imathandiza, kapena kutchaja masana pa sola yanu ija. Muchenjerenso, si tonse tili ndi batire mkati. The Freestyle ya Samsung, ya 2022, ndi yokongola, imazungulira mpaka kuloza kudenga, koma batire amagulitsa padera.

Mpirawo uzichokera kuti? Ngati ndi pa dikoda, kakhale ndi pobayira HDMI, ndipo dikodayo nayonso ifuna moto wake magetsi akathima. Ngati ndi pa intaneti, bandulo ithera pomwepo. Makanema akutchalitchiwo ndi osavuta, mungowaika pa fulashi.

O, ndinatsala pang'ono kuiwala. Kasipika kake n'kakang'ono, panja mawu amangouluka ndi mphepo. Mubwereke sipika ya kwaya ija, ndipo mulumikize ndi waya ngati pobayira palipo, chifukwa Bluetooth nthawi zina mawu amatsalira m'mbuyo, wolalikira pakamwa patsekeka kale mawu akubwera kumene.

Musatumize kaye ndalama kwa munthu wa pa Facebook uja. Mujambule chithunzi cha malondawo, makamaka polembedwa manambalapo, muponye m'gulu momwemuno, ndipo mundiuze anthu amene mukuyembekezera ndi angati. Loweruka ndikazungulira m'mashopu kuno ndikaone mitengo, kakapezeka kabwino ndidzabwera nako pa Khirisimasi. Mupereke moni kwa agogo, muwauze mankhwala a miyendo aja sindinaiwale.