Vayisi yozungulira ndi chiperoni cha kuno

Achimwene ena a ku Bvumbwe andilembera imelo sabata yatha. Angoyamba kumene kumanga nyambo za nthenga, ndipo m'bale wawo wa ku Johannesburg walonjeza kuwagulira vayisi yogwirira mbedza. Funso lawo ndi lakuti: kodi yozungulira ija imalimbadi, kapena n'kungotaya ndalama? Landifika pamtima funsoli, achimwene, chifukwa ine luso limeneli ndinaliphunzirira pa chipangizo chomwe anyamata a lero sangavomere n'komwe kuti ndi vayisi.

Malume anga ankaphika pa esiteti ina ya tiyi cha ku Ruo. Abwana awo akabwera kowedza nsomba za trout kuphiri la Mulanje, nyambo zothaitha ankangozitaya, ndipo malume ankazitola. Usiku ankazimasula pang'onopang'ono, ulusi ndi ulusi, kuti aone chomwe chinayamba kukulungidwa ndi chomwe chinatsiriza. Palibe anawaphunzitsa. Chogwirira mbedza chawo chinali pulayasi yodzitsekera yokha, imene wowotcherera wina pa Chitakale anailumikiza ku bawuti yaitali, iwo n'kuimangirira pathebulo. Nthenga zinali za nkhanga ndi za m'khosi mwa tambala, waya wa kopa ankasolola m'mawailesi akufa. Ine ntchito yanga inali kugwira koloboyi, ndipo ndikangoodzera pang'ono ndinkamva, "Mphwanga, nyali!" Nyambo zawo sizinali zokongola kwenikweni, koma zinkagwira nsomba, ndipo pamapeto pake alendo a abwanawo anayamba kumagula kwa iwo. Pambuyo pake ndinadzamva kuti Frank Sawyer, yemwe ankasamalira mtsinje wa Avon ku England, nyambo yake yotchuka ya Pheasant Tail ankaimanga ndi nthenga za kumchira kwa mbalame yotchedwa pheasant ndi waya wa kopa basi, popanda ulusi. Malume sanamvepo za munthu ameneyu, koma nzeru zawo zinakumana.

Ndiye pamene munthu akundiuza kuti popanda vayisi yodula sungamange nyambo yabwino, ine ndimakana ndithu. Ku Kenya kuli mafakitale amene amamanga nyambo zochuluka zedi zogulitsa ku Ulaya ndi ku America, ndipo chimene chimagwira ntchito kumeneko ndi zala za amayi ndi abambo amene azolowera. Luso lili m'zala.

Komabe sindikunyoza kuzungulirako, ayi. Vayisi yozungulira yeniyeni, imene amalonda amailemba kuti true rotary, imagwira mbedza mwakuti tsinde la mbedzayo likhale pamzere umodzi ndi chitsulo chozunguliracho. Mukapukusa chogwirira, mbedza imatembenuka pamalo pomwepo osayendayenda. Pamenepo nthenga kapena waya mumangogwira chilili, mbedza ndiyo imadzikulunga yokha, ndipo mizere imatalikirana mofanana. Pa nyambo ngati Woolly Bugger, imene nthenga imayenda thupi lonse, kusiyana kwake mumakuona nthawi yomweyo. Mumathanso kuona kumimba kwa nyambo osaichotsa, komwe ambiri ongoyamba amasiyako ulusi uli poyera. Kampani ya Renzetti ya ku America ndiyo inatchukitsa kapangidwe aka, ndipo lero a Peak ku Colorado, a Dyna-King ndi a Stonfo ku Italy onse ali ndi zawo. Chenjerani pano: zilipo zambiri zimene mutu wake umatembenuka, koma mbedza ikazungulira imakwera ndi kutsika. Zimenezo zimathandiza kusuzumira kunsi kokha, kukulungira sizithandiza.

Koma nkhani yonse ya kulimba kwa vayisi ili pa nsagwada, tizitsulo tiwiri tija timene timaluma mbedza. Ndikunena izi mtima ukuwawa. Nditayamba kulandira kangachepe, ndinaitanitsa vayisi yozungulira pa intaneti kwa wamalonda wina, yonyezimira, yokhala ndi tizipangizo tambirimbiri m'bokosi. Inkazungulira bwino kwambiri. Nyengo ya mvula isanathe, nsagwada zake zinali zitakumbika kanjira pamene mbedza imakhala, chifukwa chitsulo chake chinali chofewa kuposa cha mbedza. Ukakoka ulusi mwamphamvu, mbedza inkagwada. Ukamangitsa kwambiri kuti isagwade, kansonga kankabenthuka. Ndinalembera wogulitsayo kufunsa nsagwada zina, sanandiyankhe mpaka lero. Chipangizo chonsecho chinafera pa tizitsulo tiwiri tosakwana n'chala chomwe. Anthu amene amapanga zoterezi akudziwa zomwe akuchita. Amakongoletsa pamene maso amaona, n'kumana chitsulo chabwino pamene pali ntchito. Kwa ine kumeneko ndi kuba, makamaka kwa ife amene katundu akafika kuno sitingathe kumubweza. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimagulidwa ndi thukuta lenileni, ndipo kugula kawiri chinthu chimodzi n'kosatheka.

Nsagwada zabwino zimapangidwa ndi chitsulo cholimbitsidwa pamoto. Chitsulo chotere sichikumbika, koma chimatha kubenthuka mukachizunza. Mbedza ikhale mkati pang'ono, osati pa kansonga penipeni, ndipo mumange mongokwanira kuti isasunthe. Pa ma vayisi a Regal, amene nsagwada zake zimatsekedwa ndi mphamvu ya sipuling'i, mbedza yoikidwa kunsonga imatha kuthawa n'kuuluka, ndiye maso muzisamala. Kumbukiraninso kuti nambala ya mbedza ikamakwera, mbedzayo imachepa: 14 kapena 16 ndi ya trout, pamene 1/0 kapena 2/0, zomwe ndi zazikulu, ndi za nsomba ya bass ya m'madamu a m'maesiteti. Inu a ku Thyolo ndikuganiza kuti bass ndiye mudzakumana naye kawirikawiri, choncho nsagwada zanu zizitha kuluma mbedza zonenepa.

Ndikatchula trout mtima umapita kuphiri. Nsomba imeneyi si yakwathu, atsamunda ndiwo anaibweretsa m'mitsinje yozizira ya ku Zomba, ku Nyika ndi kuno ku Mulanje, chifukwa m'madzi ofunda siikhala. Ndipo madzi amazizira bwino pamene pali mthunzi. Mikungudza yatha ndi macheka, moto umapsereza phiri chaka ndi chaka, kenaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula miyala ndi matope n'kusintha mitsinje imene tinkaidziwa kuyambira tili ana. Tinataya anthu ambiri nthawi imeneyo, ndipo nkhani ya nsomba ndi yaing'ono poyerekeza ndi maliro aja. Koma munthu amene akuphunzira kumanga nyambo ayambenso kuyang'ana madzi ake, aone tizilombo timene tili pansi pa miyala, chifukwa nyambo imatsanzira timeneto. Tikatha ito, vayisi ya mtengo uliwonse ilibe ntchito.

Za dzimbiri

Opanga zipangizozi saganiza za chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nkhungu imalowa mpaka kuchipinda, zovala osauma, ndipo chitsulo chosiyidwa pathebulo chimadzuka chitafiira. Choipa n'chakuti chitsulo cholimba cha nsagwada nthawi zambiri ndi chimene chimachita dzimbiri msanga, pamene thupi la aluminiyamu kapena la stainless likadali mbee. Ine ndikamaliza ntchito ndimamasula nsagwada kuti zisagone zitaluma, ndimapukuta ndi kansalu kodontheza mafuta a makina osokera, n'kuika m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi tija toyamwa chinyontho timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Mafutawo asafike mkati moluma mbedza, apo ayi idzaterera. Polumikizira pozungulira pamafuna girizi pang'ono kamodzikamodzi. Guluu wa pamutu wa nyambo akadonthera pansagwada, muchotseni asanaume.

Tsono yankho lanu, achimwene: inde, yozungulira yabwino imakhala zaka zambiri, ndipo ndi yoyenera kugula ngati ikuchokera ku kampani imene imagulitsanso nsagwada zapadera. Muwauze abale anuwo agule nsagwada zachiwiri tsiku lomwelo, pamodzi ndi timphira take ngati mtunduwo uli nato. Asanalipire, aike mbedza yaikulu n'kuikanikiza ndi chala: mbedza ipindike isanaterere. Asankhe yomangirira pathebulo, chifukwa ya chitsulo chokhazika pansi ndi yolemera ndipo idzawavuta pa basi. Ndalama zikachepa, agule yosazungulira ya nsagwada zolimba, zotsalazo agulire sizasi yabwino ndi mbedza.