Kodi anthu awiri angakumbukire mosiyana popanda wina kunama?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali muno mu Zomba. Akuti mayi awo asanamwalire anaitana ana awo n'kuwauza za munda wa mpunga umene uli kufupi ndi nyanja ya Chilwa, koma lero, patapita zaka zingapo, iwo akukumbukira kuti mayiwo anati mundawo ugawidwe pakati, pamene mlongo wawo akulumbira kuti anausiyira iye yekha. Onse awiri anali m'chipindamo ndipo anamva ndi makutu awo. Funso lawo ndi lakuti kodi zimenezi zingatheke popanda mmodzi wa iwo kunena bodza.

Bambo, zimatheka ndithu, ndipo ofufuza za ubongo aona zimenezi kambirimbiri. Ambirife timaganiza kuti zimene taona zimasungidwa m'mutu monga mmene zinachitikira, n'kumangodikira tsiku limene tidzazifune. Kafukufuku akusonyeza kuti nthawi iliyonse imene tikukumbukira chinthu, ubongo umachimanganso, ndipo pomangapo zina zimalowa, zina zimatayika. Zili ngati denga la udzu limene limafoleredwa chaka ndi chaka: mitengo yake ingakhale yomwe ija, koma udzu wake ndi wina, ngakhale mwini nyumba amangoona denga lake lakale.

Umboni wamphamvu unatuluka m'chaka cha 2000 ku New York University, kumene Karim Nader, Glenn Schafe ndi Joseph LeDoux anaphunzitsa makoswe kuopa kulira kwina kwake powagwiritsa shoko yamagetsi kuphazi nthawi imene phokosolo likumveka. Tsiku lina anawamvetseranso phokosolo kuti akumbukire, kenako anawabaya mankhwala oletsa maselo kupanga mapuloteni m'chigawo cha ubongo chotchedwa amygdala, chimene chimagwira ntchito kwambiri pa nkhani ya mantha. Atawayesanso, mantha aja anali atachepa kwambiri. Makoswe amene anabayidwa mankhwala omwewo popanda kukumbutsidwa za phokosolo anapitiriza kuopa monga kale. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chikangokumbukiridwa chimakhala chofewa kwa kanthawi, ndipo ubongo umayenera kuchisunganso kachiwiri. Taganizani, bambo, kuti inu ndi mlongo wanu mwabwereza nkhani ya tsiku lija kangati, pamaliro, pokambirana ndi akunyumba kwanu, ngakhale usiku tulo tikasowa, ndipo nthawi zonsezo munali ndi chisoni, nkhawa kapena mkwiyo wa tsiku limene munkakumbukiralo.

Mafunso a anthu ena nawonso amasintha zimene munthu amakumbukira. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa anthu kanema wa ngozi ya magalimoto, ndipo ena anawafunsa liwiro la magalimotowo pamene anagundana, ena pamene anaphwanyana. Patapita mlungu umodzi, anthu 16 mwa 50 a gulu lachiwirili anati anaona magalasi osweka, poyerekeza ndi anthu 7 mwa 50 a gulu loyamba, chonsecho mu kanemayo munalibe galasi losweka. Wachibale amene anafunsa mlongo wanu kuti, "Paja amayi anati mundawu ndi wako, eti?" angakhale kuti anamuika mawu m'mutu osadziwa, ndipo zomwezo zingakhale zitakuchitikirani inuyo.

Mu 2013 gulu la Susumu Tonegawa ku yunivesite ya MIT ku America, mmene munali Steve Ramirez ndi Xu Liu, linafika pochititsa mbewa kukumbukira zimene sizinachitike. Anazindikira maselo a m'chigawo cha ubongo chothandiza kukumbukira, chotchedwa hippocampus, amene ankagwira ntchito mbewa ikakhala m'bokosi limene munalibe choopsa, ndipo tsiku lotsatira, mbewayo ili m'bokosi lina, anadzutsa maselo omwewo ndi kuwala uku akuigwiritsa shoko. Ataibwezera m'bokosi loyamba lija inauma thupi ndi mantha, ngakhale kuti mmenemo sinapwetekedwepo. Chimene chimandikhudza pa kafukufukuyu n'chakuti manthawo anali enieni ndipo anasintha khalidwe la mbewayo. Munthu wokumbukira molakwika amalira ndiponso amakwiya kuchokera pansi pa mtima, ndipo n'chifukwa chake misozi ya mlongo wanu si chinyengo, koma si umboninso wa zimene mayi ananena.

Mwina munganene kuti tsiku lofunika chotere munthu sangaliiwale. Chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chitaphulika mu January 1986, Ulric Neisser anapempha ophunzira ake ku Emory University kuti mawa lake alembe kumene anali ndi mmene anamvera nkhaniyo. Atawafunsanso patapita zaka zoposa ziwiri, ambiri anafotokoza zosiyana ndi zimene analemba okha, koma anazifotokoza motsimikiza kwambiri. Mutafunsa anzanu a muno m'tauni kumene anali pamene anamva za imfa ya Bingu wa Mutharika mu April 2012, adzakuyankhani mosakayika, koma kusakayikako sikutanthauza kuti chilichonse chimene akunena n'cholondola.

Apatu sindikunena kuti zokumbukira za munthu n'zopanda ntchito, ndipo sindikutsutsa kuti alipo anthu amene amanama dala pa nkhani za malo. Nthawi zambiri thunthu la nkhani limatsala, monga kuti mayi anakuitanani ndipo analankhula za munda, koma mawu enieni amene anatuluka pakamwa pawo ndi amene amasokonekera msanga. John Wixted ndi Gary Wells, atasanthula kafukufuku wa mboni zozindikira okayikiridwa mu 2017, anapeza kuti kutsimikiza kwa mboni kumakhala kodalirika pa nthawi yoyamba imene yafunsidwa, ngati yafunsidwa mosaitsogolera, ndipo kumasiya kudalirika ikafunsidwa mobwerezabwereza.

Choncho nkhaniyi isanafike kwa a nyakwawa, musayambe ndi kutchula mlongo wanu kuti ndi wabodza, chifukwa mawu amenewo savuta kutuluka koma ubale wake umavuta kuukonza. Funani anthu amene mayi analankhula nawo za mundawu koma sanalowerere mkanganowu, monga atsibweni anu, amayi a kumpingo kapena olima nawo malire, ndipo aliyense afunsidwe payekha, asanamve zimene mnzake wanena. Funso likhale lakuti afotokoze zimene akukumbukira, osati lowasankhitsa pakati pa mawu anu ndi a mlongo wanu, ndipo wina azilemba zimene akunenazo nthawi yomweyo. Ngati pali kalata, uthenga wa pafoni kapena kope la kwa amfumu la nthawi imene mayi anali moyo, zimenezo zipatsidwe mphamvu kuposa zimene inu nonse awiri mukukumbukira lero, ndipo muonenso kuti ndani ankalima mbali iti ya mundawo mayi akuona ndi maso awo.