Owomba nsalu a ku Assam ndi ochuluka, koma kodi ntchitoyo ikuwadyetsa?

Mayi wina amene amachita bizinesi ya nsalu wandilembera pa imelo kuti anamva zoti chigawo cha Assam, kumpoto chakum'mawa kwa India, ndicho chili ndi anthu ambiri owomba nsalu pamanja m'dziko lonselo, ndipo akufuna kudziwa ngati zimenezi zikutanthauza kuti ntchitoyi ikukula kumeneko. Zikomo mayi chifukwa cha funsoli. Zimene munamvazo ndi zoona, koma chiwerengerocho chikhoza kukusocheretsani mukapanda kuona chimene chili kuseri kwake.

Boma la India limachita kalembera wa anthu a ntchito imeneyi. Kalembera wa 1995-96 anapeza anthu pafupifupi 6.5 miliyoni, wa 2009-10 anapeza 4.3 miliyoni, ndipo wa 2019-20 anapeza 3.5 miliyoni okha, amene ambiri mwa iwo ndi amayi. Pa anthu atatu alionse amene anawerengedwa ulendo womalizawu, mmodzi anali wa ku Assam. Choncho chigawochi chikutsogola pa ntchito imene anthu ake akucheperachepera m'dziko lonse.

Chinthu chachikulu chimene ndikufuna kuti mumvetse ndi chakuti ku Assam kuwomba nsalu ndi mwambo wa pakhomo. Amayi ambiri a m'midzi amawomba akaweruka kumunda, ndipo nsalu zake ndi zovala iwo eni kapena zopatsa abale, monga gamosa, kansalu koyera ka mikwingwirima yofiira kamene amapatsana posonyeza ulemu pa chikondwerero cha Bihu mu Epulo. Mayi wotereyu amawerengedwa ngati wowomba nsalu ngakhale kuti sapezapo ndalama yogulira mchere. Kuchuluka kwa zowombera m'makomo sikufanana ndi kuchuluka kwa anthu olembedwa ntchito.

Kumene kuwomba kuli malonda enieni ndi ku Sualkuchi, m'mbali mwa mtsinje wa Brahmaputra pafupi ndi mzinda wa Guwahati. Kumeneko amawomba mekhela chador, chovala cha amayi cha nsalu ziwiri, pogwiritsa ntchito silika wa mitundu iwiri, wotchedwa pat ndi wotchedwa muga. Muga ndi wa mtundu wagolide ndipo mbozi zake amaziweta panja m'mitengo. Eni zowombera amalemba ntchito amayi ochokera m'maboma ena, ambiri a mtundu wa Bodo, ndipo amawalipira potengera nsalu imene awomba. Vuto loyamba la eni zowomberawa ndi ulusi, chifukwa muga ndi wosowa ndi wodula, pamene ulusi wambiri wa pat umachokera kutali, monga ku chigawo cha Karnataka, kum'mwera kwa India, moti mtengo ukakwera kumeneko, phindu la ku Sualkuchi limatha.

Vuto limene limandipweteka mtima kwambiri ndi la nsalu za makina amagetsi zimene zimatengera maluwa a ku Assam n'kumagulitsidwa motchipa ngati zowombedwa pamanja. Mayi amene wakhala masiku angapo pa chovala chimodzi sangapikisane ndi makina amene amatulutsa zambiri tsiku limodzi. Mu Marichi 2013 anthu a ku Sualkuchi anakwiya mpaka kutentha nsalu za m'masitolo zimene ankati ndi zochokera ku Varanasi, mzinda wa kunja kwa Assam. Lamulo loteteza owomba pamanja lilipo kuyambira 1985, ndipo poyamba linapatula mitundu 22 ya nsalu kuti makina asamapange, kenako inachepetsedwa kufika pa 11, koma kulitsata n'kumene kwakhala kofooka. Mu 2022 gamosa inalandira chizindikiro cha boma chotsimikizira kumene imachokera, monga muga analandirira mu 2007, ndipo mu Marichi 2023 boma la Assam linaletsa kugulitsa gamosa ndi mekhela chador za makina.

Ngati mukuganiza zoitanitsa nsalu kumeneko, mayi, funsani wogulitsayo kuti akuonetseni chizindikiro cha Handloom Mark, chotsimikizira kuti nsaluyo ndi yowombedwa pamanja, ndiponso cha Silk Mark ngati nsaluyo akuti ndi ya silika, ndipo mtengo wa muga ukatsika modabwitsa muyambe mwakayika musanatumize ndalama.