Risiva yakale ndi Netflix: bwanji masipika akumbuyo angoti zii?

Owerenga athu ena atilembera imelo za risiva (chipangizo cholandira mawu n'kuwagawira ku masipika) yawo ya Yamaha ya cha m'ma 2005, ya masipika asanu ndi sabuwufa. Ilibe HDMI, ili ndi polowetsa optical ndi coaxial basi. Agula Fire TV Stick 4K, yoonerera mafilimu a pa intaneti, ayilowetsa ku TV, kenako atenga waya wa optical kuchoka ku TV kupita ku risiva. Akaika DVD masipika onse amalira bwinobwino, koma akatsegula Netflix amalira akutsogolo awiri okha, mwina osamveka chilichonse. Akufunsa ngati risivayo yatha ntchito moti agule ina.

Bambo, musathamangire kugula ina. Ngati DVD ikuliza masipika onse, risiva yanu ili bwino. Vuto ndi loti mawu amene Netflix imatumiza ndi a mtundu umene risivayo siidziwa, ndipo pa zipangizo zanuzo palibe chimene mwachiuza kuti chiwasinthe.

Ma DVD amasunga mawu a 5.1, kutanthauza a masipika asanu ndi sabuwufa, mu mtundu wotchedwa Dolby Digital, ena mu DTS. Mitundu iwiriyi ndi imene risiva za nthawi imeneyo zinapangidwira. Koma Netflix, Prime Video ndi Disney+ zimatumiza 5.1 mu Dolby Digital Plus, imene mungaionenso italembedwa DD+ kapena E-AC-3. Mayinawa ndi ofanana, n'chifukwa chake anthu ambiri amasokonezeka, koma risiva imene imangodziwa Dolby Digital singawerenge DD+. Risiva zodziwa DD+ zinayamba kuchuluka cha m'ma 2007 ndi 2008, HDMI 1.3 itatuluka mu 2006. Ndiye palinso vuto la waya. Optical ndi coaxial zimanyamula zinthu zitatu zokha: PCM (mawu osapanikizidwa) ya masipika awiri, Dolby Digital mpaka 5.1, ndi DTS wamba mpaka 5.1. DD+, Dolby TrueHD, DTS-HD ndi PCM ya masipika ambiri zimafuna HDMI.

Chimene chikuchitika kwanuko ndi ichi. Stick ikayaka imafunsa TV kudzera mu HDMI kuti imalandira mawu a mtundu wanji, ndipo TV imayankha ndi uthenga wotchedwa EDID. Stick siidziwa n'komwe kuti kuseli kwa TV kuli risiva. TV ikati imalandira DD+, Stick imatumiza DD+. Pamenepo TV ili ndi njira zitatu: kusintha DD+ kukhala Dolby Digital, kuphwanya mawuwo kukhala a masipika awiri, kapena kukankhira mu optical zimene risiva singawerenge. Njira yachiwiri ndiyo imakupatsani akutsogolo awiri okha, yachitatu ndiyo ya ziiyo. Mukufunika yoyamba, kapena Stick ichite kusinthako mawu asanafike ku TV.

Yambani ndi Stick, chifukwa Fire TV imatha kusintha yokha. Lowani pa Settings, Display & Sounds, Audio, kenako Surround Sound. Mupeza pali Best Available. Sankhani Dolby Digital, yopanda Plus. Mukatero pitani ku TV, pa zokhudza mawu, mufufuze polembedwa Digital Audio Out kapena Digital Output Audio Format. Ngati pali PCM, vuto lagona pomwepo, chifukwa PCM pa optical ndi masipika awiri nthawi zonse. Ikani Auto, Bitstream, Pass Through kapena Dolby Digital, malingana ndi mmene TV yanu yalembera. Pa TV zina mawuwa amaoneka otuwa osasankhika mpaka filimu ya 5.1 ikhale ikusewera, choncho yambitsani kaye filimu musanalowe pamenepo. Sound Output ikhale pa Optical, osati masipika a TV.

Ku risiva onetsetsani zinthu ziwiri. Yamaha za zaka zimenezo zili ndi batani la INPUT MODE, ndipo liyenera kukhala pa AUTO; likakhala pa ANALOG, risiva imasiya optical n'kumamvera mawaya ofiira ndi oyera. Komanso polowetsa optical paliponse pamakhala pomangiriridwa ku dzina lake, monga DVD kapena DTV/CBL, ndiye sankhani dzina la pamene mwalowetsa wayayo. Waya watsopano wa optical amabwera ndi tizipewa tapulasitiki kunsonga, tichotseni. Mukauzula ku risiva TV ili chiyakire muyenera kuona kuwala kofiira kunsonga.

Musaweruze ndi makutu okha. Risiva ili ndi Pro Logic II, imene imatenga mawu a masipika awiri n'kuwamwaza ku masipika onse, ndipo munthu amaganiza kuti zatheka. Yang'anani pagalasi la risiva: pakuyenera kulembedwa Dolby Digital ndipo tizizindikiro ta masipika asanu ndi sabuwufa, L, C, R, SL, SR ndi LFE, tiyake. Pakaoneka PCM ndi L ndi R zokha, 5.1 sinafike. Poyesa gwiritsani ntchito filimu imene Netflix yaika chizindikiro cha 5.1, ndipo muone pa Audio kuti mwasankha chilankhulo cholembedwa 5.1, chifukwa zilankhulo zina pa filimu yomweyo zimakhala za masipika awiri. Mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi a masipika awiri, sangakuuzeni kanthu.

Mukachita zonsezi koma PCM osachoka, ndiye kuti TV yanu ili m'gulu la zija zimene zimatulutsa 5.1 pa optical kuchokera ku mapulogalamu a mkati mwake okha, koma mawu olowa pa HDMI zimawaphwanya. Yesani Netflix ya mu TV momwemo. Ikatulutsa Dolby Digital, mwaligwira vuto. Apa m'pamene pamafunika kabokosi kotchedwa HDMI audio extractor. Stick imalowa m'kabokosiko, HDMI imapitirira ku TV, optical imapita ku risiva. Pogula onani kuti palembedwa HDMI 2.0, 18 Gbps ndi HDCP 2.2, apo ayi chithunzi chitsika kuchoka pa 4K kufika pa 1080p kapena TV ingoti bii. Kamakhala ndi kaswichi ka 2CH, 5.1CH ndi PASS. Ikani pa 5.1CH, muzimitse Stick n'kuyatsanso kuti iwerenge EDID yatsopano. Kapatseni magetsi ake a 5V kuchokera pa chaja, osati pa USB ya TV imene imazima ndi TV.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama: tizibokosi totchipati sitisintha DD+ kukhala Dolby Digital. Timangopatula mawu ndi chithunzi. Kusinthako kuyenera kuchitika m'chipangizo chosewerera. Fire TV imatero. Apple TV 4K imateronso, pa Settings, Video and Audio, Audio Format, Change Format, n'kusankha Dolby Digital 5.1. Nvidia Shield ya 2019 ili ndi Dolby audio processing yochita ntchito yomweyo. Mabokosi ambiri a Android opanda dzina lodziwika sasintha, ndipo pa Netflix ambiri amangopereka masipika awiri ngakhale mutatani.

Za ubwino wa mawu musadandaule. DD+ inapangidwa moti izisinthika mosavuta kupita ku Dolby Digital ya 640 kbps, pamene DVD imalekeza pa 448 kbps. Chimene simupeza ndi Atmos ndi 7.1, mawu opangidwira masipika ochulukirapo, koma poti muli ndi masipika asanu ndi sabuwufa, simunataye kalikonse kamene mukanamva. Kwa ine, risiva yolimba ya 2005 yokhala ndi masipika abwino imaposa ma soundbar ambiri otchipa olembedwa Atmos pakatoni.

Ngati mumaoneranso mafilimu a pa flash kudzera mu pulogalamu yotchedwa Kodi kapena Plex, ena amakhala ndi DTS. Risiva yanu imaidziwa, koma TV za Samsung kuyambira 2018 sizilandira DTS, choncho mawuwo safika ku optical. Mu Kodi, pa Settings, System, Audio, yatsani Allow passthrough ndi Dolby Digital capable receiver, zimitsani za DTS ndi E-AC3, Number of channels ikhale 2.0, kenako yatsani Enable Dolby Digital transcoding. Nambala ya 2.0 isakudabwitseni, ndi imene imachititsa kuti batani la transcoding lioneke, ndipo 5.1 imatulukabe.

Milomo ikamasemphana ndi mawu, onani chimene chatsogola. Mawu akatsogola chithunzi, onjezerani Audio Delay pa risiva kapena pa TV pang'onopang'ono, 20 ms nthawi iliyonse. Mawu akamachedwa, bwezerani delay pa 0 ndipo TV muyiike pa Pass Through m'malo mwa Auto, kuti isamawakonzenso mawu amene Stick yakonza kale. Fire TV ilinso ndi AV Sync Tuning pa Audio pomwepo.