Kodi n'zoona kuti kuli nyenje zotuluka kamodzi pa zaka 17?

Funso: Akonzi, mu Juni 2024 mng'ono wanga amene amakhala ku Chicago ananditumizira kanema wa nyenje zitadzaza mitengo ndi misewu, ndipo anati zimatuluka kamodzi pa zaka 17. Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Michiru, kumene nyenje zimalira chaka chilichonse dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, ndipo tili ana tinkazigwira ndi ulimbo. Kodi mng'ono wangayu sakundinamiza? Ngati n'zoona, zimatuluka kuti ndipo liti?
Bambo a ku Chilomoni, Blantyre

Yankho: Bambo, mng'ono wanuyo wanena zoona, koma nyenje zimene anaonazo si zofanana ndi za ku Michiru. Nyenje zonse zimayamba moyo pansi panthaka, kumene ana ake amayamwa madzi a m'mizu ya mitengo, koma zathuzi zimakhwima mosiyanasiyana, n'chifukwa chake chaka chilichonse pamakhala zina zotuluka. Za ku America, zimene akatswiri amazitcha Magicicada, zimakhwima nthawi imodzi, ndipo zimapezeka kummawa ndi pakati pa dziko la United States basi. Pali mitundu 7, itatu yokhala pansi zaka 17 ndi inayi yokhala zaka 13.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti nyenjezi sizituluka dziko lonse chaka chimodzi. Zili m'magulu 15, gulu lililonse ndi dera lake komanso chaka chake, ndipo magulu 12 ndi a zaka 17 pamene atatu ndi a zaka 13. Maguluwa amadziwika ndi manambala achiroma amene katswiri wa tizilombo Charles Marlatt anakhazikitsa. Gulu X linatuluka mu 2021 ku Washington, Maryland, Pennsylvania, Ohio ndi Indiana, ndipo lidzabweranso mu 2038. Gulu XIV, la ku Kentucky ndi Tennessee mpaka ku Massachusetts, chaka chake chinali 2025. Gulu XI la ku Connecticut linaoneka komaliza mu 1954, ndipo silinabwerenso.

Mng'ono wanu anachita mwayi, chifukwa mu 2024 gulu XIII la kumpoto kwa Illinois (kumene kuli mzinda wa Chicago), lomwe ndi la zaka 17, linatuluka chaka chimodzi ndi gulu XIX la zaka 13, lofalikira ku Missouri, Georgia, Alabama ndi madera ena akummwera. Magulu awiriwa amakumana kamodzi pa zaka 221, kotero zinachitikapo mu 1803 ndipo zidzachitikanso mu 2245.

Chaka chikakwana, tsiku lenileni limadalira kutentha kwa nthaka. Nthaka ikafika madigiri 18 pa masentimita 20 kupita pansi, nyenjezi zimabowola n'kukwera mitengo usiku, kumene zimafundula khungu n'kumera mapiko. Kummwera izi zimayamba kumapeto kwa Epulo, pamene kumpoto zimadikira mpaka kumapeto kwa Meyi kapena Juni. Zikatuluka zimangokhala milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, yokwanira kukwerana ndi kuikira mazira m'nthambi zanthete.

Kwa ine chogometsa ndi kuchuluka kwake, pakuti m'malo ena zimapitirira miliyoni imodzi pa ekala. Kuchulukaku ndiye chitetezo chake, chifukwa mbalame ndi nyama zina zimadya mpaka kukhuta, koma zotsala zimakhalabe zochuluka moti n'kuswana. Za ku Michiru mudzazimvanso Okutobala akubwerayu, koma mng'ono wanu akafuna kuonanso za ku Chicago, adikire mpaka 2041.