Mafunso ndi Mayankho: Kodi Jerry Rice Anali Ndani?

Funso: Akonzi, mwana wanga amene akuphunzira ku America amatchula kawirikawiri dzina la Jerry Rice akamakamba za mpira wa kumeneko. Kodi munthu ameneyu anachita chiyani? Ndine wowerenga wanu wa ku Zomba.

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Jerry Rice anabadwa mu 1962 ku Mississippi, ndipo bambo ake anali mmisiri womanga nyumba, kotero kuti ali mnyamata ankawathandiza powakha njerwa zimene abale ake ankamuponyera ali pamwamba pa nsanja. Sanapite ku yunivesite yotchuka ayi. Anasewerera Mississippi Valley State, sukulu yaing'ono kumene iye ndi Willie Totten, amene ankamuponyera mpira kuti iye awakhe (mpira wa ku America amasewera ndi manja), anazunguza matimu anzawo.

Mu 1985 timu ya San Francisco 49ers, motsogozedwa ndi mphunzitsi Bill Walsh, inamusankha pa nambala 16 pa mwambo umene matimu akuluakulu amasankha osewera atsopano. M'chaka choyamba mipira yambiri inkamupulumuka m'manja, koma pambuyo pake anapambana nayo Super Bowl, masewera omaliza olimbirana ukatswiri wa mpirawu, mu 1989, 1990 ndi 1995, ndipo mu 1989 ndiye anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa Super Bowl. Kwa ife, chodabwitsa kwambiri n'chakuti anapirira zaka 20 m'masewera ogundana mwamphamvu chotere, nawakha mpira maulendo 1,549 pa mtunda wa mayadi 22,895. Anasewereranso Oakland Raiders ndi Seattle Seahawks, napuma mu 2005, ndipo mu 2010 dzina lake linalowa mu Pro Football Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a mpirawu.